Chinsinsi cha Wodwala N'cha Yani?

Ndikudziwa kuti ena mukundimvera muli kuchipatala, mwayala chitenje pansi pafupi ndi bedi la m'bale wanu, wailesi mwaitsitsa kuti isadzutse odwala ena. Ena ndinu anamwino, mwangoweruka kumene mapazi akuwawa, kapena mukusita yunifolomu kuti mukalowe ntchito ya usiku. Nkhani ya lero ikukhudza magulu awiri nonsenu.

Inenso ndinakhalapo gadiyani. Masabata atatu ndinadwazika mayi anga aang'ono m'wodi, ndipo chimene ndinaona m'masiku amenewo n'chakuti dokotala m'wodi ndi mlendo, mwini mudzi ndi namwino. Dokotala amafika m'mawa, aima pabedi mphindi zingapo, afunsa, alemba m'fayilo, uyo wapita pabedi lina. Sindikuwanyoza ayi, odwala ndi ambiri pomwe iwo ndi ochepa. Koma wotsala ndi wodwala mpaka tambala woyamba ndi namwino. Ndiye amatsuka bala, ndiye amadziwa kuti dzulo silimanunkha chonchi. Ndiye amasintha dilipi, amawerenga zimene dokotala walemba, n'kuona kuti mankhwalawa achuluka poyerekeza ndi msinkhu wa mwana wagona apayu. Dokotala akalakwitsa, maso oyamba kuona ndi a namwino. Akamalakwitsa mwezi ndi mwezi, woyamba kusowa tulo ndi namwino yemweyo.

Nanga akaona, atani? Ife amene tili kunja kuno sitichedwa kuyankha: akanene basi. Ndiye lero ndikufuna ndikufotokozereni zimene zinawagwera amayi awiri amene anakanenadi.

Kumadzulo kwa Texas, ku America, kufupi ndi malire a New Mexico, kuli katauni kotchedwa Kermit. Ndi dera louma, la zitsime za mafuta, ndipo nthawi imene ndikunenayi anthu a m'tauniyo sankakwana 6,000. Malo oterewa mukuwadziwa. Wapolisi, loya, dokotala ndi wogulitsa m'sitolo onse amadziwana, amakumana pamaliro ndi paukwati. Chipatala chake n'chaching'ono, chimatchedwa Winkler County Memorial Hospital, ndipo nthawi imeneyo mwini wake anali boma la Winkler.

Pachipatalapo pankagwira ntchito anamwino awiri, mayi Anne Mitchell ndi mayi Vickilyn Galle. Mukaphatikiza zaka zimene awiriwa anatumikira pamalopo zimakwana 47. Mayi Mitchell anali ndi udindo woona kuti chipatala chikutsata malamulo. Mayi Galle ankaona ngati chithandizo chimene odwala akulandira chili choyenera. Mfundo imeneyi muisunge: kuwerenga mafayilo a odwala inali ntchito yawo yeniyeni, imene ankalandirira malipiro. Sanachite kusuzumira pazenera.

M'chaka cha 2008 pachipatalapo panabwera dokotala watsopano, a Rolando Arafiles. Sipanatenge nthawi, anamwino anayamba kuona zinthu zodetsa nkhawa. Dokotalayu anachita opaleshoni yomata khungu pabala m'chipinda cholandirira odwala mwadzidzidzi, pomwe chipatala sichinawapatse chilolezo chochita maopaleshoni, ndipo khungulo silinagwire. Wodwala wina amene chala chake chinaphwanyika anamusokerera kachidutswa ka labala kunsonga kwa chalacho. Komanso ankatumizira odwala mauthenga a pa imelo owatsatsa mankhwala azitsamba amene iwo ankagulitsa pambali.

Amayi awiriwa sanathamangire kunja. Anayamba adandaula kaye m'kati, kwa akuluakulu a chipatala, amene mkulu wawo anali a Stan Wiley. Miyezi inadutsa popanda chooneka. Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa kwa ife amene timadziwa zipatala zakumudzi: kupeza dokotala wovomera kukakhala kutali ndi mzinda si masewera, ndipo ukamupeza umamugwira ngati dzira. Mkulu wa chipatala amaopa kuti akamudzudzula anyamuka, wodi itsala yopanda dokotala. Mantha amenewa ndi enieni. Koma amene amalipira mtengo wake ndi uja wagona pabedi, yemwe sanafunsidwe n'komwe.

Mu April 2009 amayiwa analembera kalata bungwe la Texas Medical Board, lomwe limapereka ndi kulanda ziphaso za madokotala ku Texas, monga limachitira bungwe la Medical Council of Malawi kuno kwathu. Kalatayo sanaisaine. Wolembayo anangofotokoza kuti akuopa kuchotsedwa ntchito, poti ndi mayi wa zaka zopitirira 50. Ndipo tamverani bwino apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. M'kalatamo sanalembemo dzina la wodwala ngakhale mmodzi. Analembamo manambala a mafayilo okha, kuti bungwelo likafuna kufufuza lidziwe poyambira. Nambala ya fayilo munthu wa mumsewu siimuuza kanthu. Imalankhula kwa yekhayo amene ali ndi chilolezo chotsegula kabati.

Bungwe lija linadziwitsa a Arafiles kuti pali dandaulo, monga mwa dongosolo lake. Dokotala wodzidalira akanayankha bungwelo, n'kufotokoza chifukwa chimene anachitira zimene anachita. A Arafiles anapita kupolisi. Mkulu wa apolisi m'bomalo, amene kumeneko amamutcha sheriff ndipo amachita kumusankha pa mavoti, anali a Robert Roberts. Awiriwa anali pa ubwenzi, ndipo a Roberts anali wodwala wa dokotalayu. Iwo eni ankanena kuti a Arafiles ndiwo anawapulumutsa atadwala mtima mwadzidzidzi. Dokotala anadandaula kuti pali anthu amene akumuzunza, ndipo anapereka kwa mnzakeyo zokhudza odwala amene nkhani zawo zinali m'dandaulo lija.

A Roberts anayamba kuwafunafuna odwalawo mmodzimmodzi, kuwafunsa ngati ndiwo anadandaula. Taganizani. Munapita kuchipatala ndi vuto lanu, mwina vuto loti ngakhale apongozi anu salidziwa, ndiye tsiku lina wapolisi akukufunsani za ulendo wanu wa kuchipatala uja. Atapeza kuti si odwala amene analemba, anaitanitsa kalata ija kubungwe la madokotala, ndipo bungwelo linapereka poganiza kuti apolisi akufufuza dokotala. Kalata ili m'manja, zotsalazo zinali zosavuta. Pachipatala chaching'ono, amayi a zaka zopitirira 50 odziwa za mafayilo ndi angati? Anatenga chilolezo cha khoti, nalanda makompyuta, ndipo kalatayo anaipeza mu kompyuta ya mayi Mitchell.

Pa 1 June 2009 amayi onse awiri anachotsedwa ntchito. Mwezi womwewo anatsegulidwa mlandu waukulu, wakuti anagwiritsa ntchito molakwika zinsinsi za ofesi ya boma. Chilango cha mlandu umenewu chimafika zaka 10 kundende, ndi chindapusa cha madola 10,000. Amayi amene anatha moyo wawo wonse akutsuka mabala a anthu a m'tauniyo anajambulidwa zithunzi kupolisi ndi kudindidwa zala ngati mbava.

Tsopano tiyeni tiime kaye, tione chimene ankawaimbira mlandu. Ankati aulula chinsinsi cha odwala.

Ine chinsinsi cha wodwala sindichitenga mopepuka, ndipo sindikufuna wina achoke pa wailesi lero akuganiza kuti ndi nkhani yachabe. Ife a kuno tikudziwa bwino kuposa ambiri. Tinaona m'zaka za Edzi ija mmene mawu amodzi otuluka m'chipinda choyezera magazi ankathetsera banja, kuchotsetsa munthu ntchito, kuchititsa kuti anzake asiye kudya naye mbale imodzi. Mtsikana amene wapita padera, bambo amene ali ndi matenda a kumalo obisika, mnyamata amene mutu unasokonekera kwa kanthawi, onsewa amavula zovala ndi kutsegula mtima pamaso pa namwino chifukwa akhulupirira kuti zithera m'chipinda momwemo. Chikhulupiriro chimenecho chikatha, anthu amasiya kupita kuchipatala, amakafera kunyumba. Namwino amene amakamba za odwala pa minibasi, kapena kujambula bala la munthu n'kuliponya pa WhatsApp, ayenera kulangidwa, ndipo ine sindingamuikire kumbuyo.

Koma funso langa ndi ili: chinsinsicho n'cha yani? Mwini wake ndani? Si cha dokotala. Si cha mkulu wa chipatala. N'cha uja wa chala chophwanyika. Anachisungitsa kuchipatala monga mmene munthu amasungitsira mbewu kwa mnansi, kuti chimuteteze iyeyo. Ndiye zingatheke bwanji kuti chinthu chimene wodwala anasungitsa kuti chimuteteze, chisanduke chotchinga choti amene akumupweteka abisaleko? Mukamufunsa wodwalayo kuti, kodi mukulola kuti nambala ya fayilo yanu ipite kwa akuluakulu oyang'anira madokotala, kuti aone ngati munathandizidwa bwino, mukuganiza kuti angakane? Amene amapindula namwino akatseka pakamwa si wodwala.

Ndipo lamulo la ku America lenilenilo linaliona kale vutoli. Lamulo lawo lalikulu losunga chinsinsi cha odwala, lotchedwa HIPAA, linakhazikitsidwa mu 1996, ndipo ndondomeko zake zimanena poyera kuti wogwira ntchito m'chipatala amene akukhulupirira moona mtima kuti odwala ali pangozi, akhoza kupereka zimene akudziwa ku bungwe loyang'anira ntchito za umoyo, kapena kwa loya wake, osapalamula. Texas Medical Board ndi bungwe loterolo. Bungwelo linalembera oimira boma pamlanduwo kuwauza kuti zimene anamwinowa anachita si zolakwika, ndi kuti kuwazenga mlandu kuopseza ena onse amene akanafuna kudandaula. Oimira bomawo sanamve. Umboni wa kukhoti unadzasonyeza kuti loya wa boma la Winkler, a Scott Tidwell, amene anatsogolera mlanduwo, analinso loya wa a Arafiles pa nkhani zawo zina.

Ndiye muone mmene zinatembenukira. Amene analemba manambala okha, n'kutumiza kumalo ololedwa ndi lamulo, ndiwo anatchedwa oulula chinsinsi. Amene anatenga zokhudza odwala n'kukazitula kwa mnzake wapolisi anali wodandaula. Amene anayenda kufunsa odwala za matenda awo anali wofufuza. Mawu akuti chinsinsi anali pakamwa pa anthu amene anachiphwanya.

Nkhaniyi itamveka, anamwino a m'dziko lonse la America anadzidzimuka, chifukwa aliyense anadziona yekha mwa amayi awiriwa. Mabungwe a Texas Nurses Association ndi American Nurses Association anasonkhanitsa ndalama zolipirira maloya. Kutatsala masiku ochepa kuti mlandu uyambe, oimira boma anathetsa mlandu wa mayi Galle, natsala ndi mayi Mitchell okha. Mlanduwo anausamutsira ku Andrews, boma loyandikana ndi Winkler, ndipo unazengedwa mu February 2010.

Kukhotiko oimira boma sanalimbane kwambiri ndi funso lakuti kodi dokotala ankalakwitsa kapena ayi. Analimbana ndi mtima wa mayi Mitchell. Anati mayiwa ankadana ndi dokotalayo, nabweretsa mboni zonena kuti ankamunena kumbali, ankamutcha sing'anga. Njira imeneyi ndi yakale, ndipo aliyense amene anayesapo kudandaula kuntchito aizindikira. Ukanena kuti denga likudontha, sayang'ana denga, amayang'ana iwe. Ndi wansanje ameneyu. Ndi wamwano. Akufuna kutchuka. Ine ndikuti, tiyerekeze kuti mayi Mitchell sankamukondadi dokotalayo. Munthu amene waona odwala akupwetekedwa kwa chaka chathunthu, wadandaula osamveredwa, mukufuna azimumwetulirabe wowapwetekayo? Ndipo kaya ankamukonda kaya sankamukonda, labala uja anasokereredwa pachala kapena ayi? Fayilo ikuti chiyani? Chidani cha namwino sichilemba m'fayilo. Amalembamo ndi dokotala, ndi dzanja lake.

Pa 11 February 2010 anthu wamba amene anasankhidwa kuti agamule mlanduwo anatuluka kukakambirana, ndipo ola lisanakwane anabwerera ndi yankho: mayi Mitchell alibe mlandu.

Paja akuluakulu amati mlandu suola. Nthambi ya zaumoyo ya boma la Texas inalipiritsa chipatalacho madola 15,850, mwa zina chifukwa chochotsa ntchito anamwinowo ndi kulephera kuyang'anira dokotala. Mu August 2010 amayi awiriwa analandira chipukuta misozi cha madola 750,000 kuti agawane. Kenako ofesi ya loya wamkulu wa Texas inatembenukira kwa amene anawazunza, ndipo chaka cha 2011 chinawathera moipa onse anayi. A Wiley, mkulu wa chipatala uja, anavomera kulakwa, nalamulidwa kukakhala kundende masiku 30. A Roberts anapezeka olakwa, anachotsedwa paudindo, analandidwa chiphaso cha upolisi, napatsidwa masiku 100. A Tidwell anapatsidwa masiku 120. A Arafiles anavomera kulakwa, anapatsidwa masiku 60, ndipo anabweza chiphaso chawo cha udokotala. Pakati pa milandu imene a Roberts ndi a Arafiles anagwa nayo panali womwe uja anasemera anamwino, wogwiritsa ntchito molakwika zinsinsi za ofesi ya boma.

Wina anganene kuti basi, chilungamo chinaoneka. Inde chinaoneka, ndipo ndikuthokoza kuti chinaoneka. Koma musaiwale kuti kuchokera mu June 2009 mpaka February 2010 amayiwa ankagona ndi kudzuka ndi zaka 10 za ndende pamutu, alibe ntchito, m'tauni yoti ukalowa m'sitolo aliyense akudziwa kuti ndiwe uja. Ndipo namwino wachitsikana amene ankaonerera zonsezi ali pakona anaphunzirapo chiyani? Anaona kuti akuluakulu ake awiri, odziwa malamulo kuposa iye, amene anachita zonse mwadongosolo, anathera m'manja mwa apolisi. Chigamulo chinabwera pambuyo, mantha anali atalowa kale.

Nkhani ya ku Kermit ndi yoyera, wolakwa ndi wosalakwa akuoneka bwinobwino. Koma ndingakunamizeni nditakuuzani kuti zonse zimakhala choncho. Mwezi womwe uja wa April 2009, pamene kalata ya ku Kermit inkalembedwa, ku Britain namwino wina, mayi Margaret Haywood, anafufutidwa m'kaundula wa anamwino. Mayiwa anali atagwira unamwino zaka zoposa 20. Iwo analowa m'wodi ya okalamba pachipatala cha Royal Sussex County Hospital ku Brighton atavala kamera yobisika, mogwirizana ndi wailesi ya kanema ya BBC, ndipo zimene anajambula zinaonetsedwa pa pulogalamu ya Panorama mu July 2005. Dziko linaona nkhalamba zosiyidwa m'zovala zonyowa ndi mkodzo, ndi wodwala khansa akubuula ndi ululu mankhwala atachedwa. Chipatalacho chinapepesa. Koma bungwe la Nursing and Midwifery Council linati mayi Haywood anaphwanya chinsinsi cha odwala powajambula asakudziwa, ngakhale kuti a BBC ankati asanaonetse kanemayo anapempha chilolezo kwa odwalawo kapena abale awo.

Apa mtima wanga umagawikana, ndipo ndikuuzani zoona. Ndikakumbukira mayi anga aang'ono m'masiku awo ofooka aja, osatha kudzitembenuza okha, sindikanafuna kuti wina awajambule iwo asakudziwa. Ulemu wa munthu wodwala ndi wosalimba, umasweka msanga. Bungwe lija silinapeke mlandu ngati mmene anachitira a ku Kermit. Panalidi funso loyenera kufunsa. Koma ndikadzifunsanso kuti, akanakhala kuti akusiyidwa mu mkodzo usiku wonse ine kulibe, ndikanasankha chiyani, kuti zibisike kapena zioneke? Yankho ndikulidziwa. Ulemu wa nkhalamba zija unali utaphwanyidwa kale kamera isanalowe. Kulanda munthu ntchito ya moyo wake wonse chifukwa choonetsa zimenezo chinali chilango chopyola muyeso, ndipo anthu a ku Britain anaona chimodzimodzi. Anthu zikwizikwi anasaina kalata yodandaula, bungwe la anamwino la Royal College of Nursing linawathandiza kuchita apilo, ndipo mu October 2009 chilangocho chinasinthidwa kukhala chenjezo la chaka chimodzi.

Mayi Haywood sanali oyamba ku Britain. Kumbuyoko, mu 1991, bambo Graham Pink, namwino wa usiku m'mawodi a okalamba pachipatala cha Stepping Hill ku Stockport, anachotsedwa ntchito atalemba makalata ambiri odandaula za kuchepa kwa anamwino, makalata amene pambuyo pake anatuluka m'nyuzipepala. Mlandu umene anawapatsa unali womwewu, wophwanya chinsinsi cha odwala. Lamulo la dzikolo loteteza anthu oulula zolakwika kuntchito linadzabwera mu 1998. Mayiko ndi osiyana, zaka ndi zosiyana, koma ndodo imene amatola pofuna kumenya namwino wolankhula ndi imodzimodzi, chifukwa ndi ndodo yooneka yaulemu. Palibe mkulu wa chipatala anganene pagulu kuti, tamuchotsa chifukwa watiyalutsa. Koma kunena kuti, tamuchotsa poteteza odwala, aliyense amagwedeza mutu.

Za ku Britain izi si zakutali kwa ife. Ana athu ambiri amene anaphunzira unamwino kuno akugwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba kumeneko, ndipo ambiri mwa iwo chilolezo chawo chokhalira m'dzikomo chimadalira amene anawalemba ntchito. Mwana woteroyo akaona zolakwika, pakamwa pake pamalemera kawiri: akalankhula akhoza kutaya ntchito, ndipo ntchito ikapita, ulendo wobwerera kumudzi wayandikira, pomwe kuno kuli azing'ono ake amene akudalira iye pa fizi. Inu makolo amene mumalandira foni Lamlungu madzulo, mwana akakuuzani kuti kuntchito kuli zinthu zimene zikumusowetsa mtendere, musafulumire kunena kuti, ingokhala chete mwanawe, unapitira ndalama. Mumvetsereni kaye.

Kuno kwathu nako njira zilipo. Dandaulo lokhudza dokotala kapena kiliniko ofesa limapita ku Medical Council of Malawi. Lokhudza namwino kapena mzamba limapita ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Anamwino ali ndi bungwe lawo lowayankhulira, la National Organisation of Nurses and Midwives of Malawi. Koma njira kukhalapo ndi kwina, munthu kulimba mtima kuyendamo ndi kwinanso. Namwino wathu saopa unyolo kwenikweni. Amaopa kalata yomusamutsira kuchipatala cha kutali kumene ana ake sakapeza sukulu. Amaopa kudumphidwa pa mwayi wa maphunziro, kupatsidwa ntchito ya usiku mosalekeza, kulowa m'chipinda chomwera tiyi anzake n'kungoti zii. Amaopa mawu aja akuti, iwe wabwera liti pano, za m'nyumba sizituluka. Zoterezi sizifika kukhoti, sizilembedwa paliponse, koma zimatseka pakamwa mofanana ndi apolisi a ku Kermit.

Kwa inu anamwino, chimene ndatola kwa mayi Mitchell ndi mayi Galle ndi ichi. Chinawapulumutsa pamaso pa khoti ndi mmene anachitira zinthu. Anayamba m'kati. Atalephera anapita ku bungwe loyenera, osati kumsika. Analemba zimene zinali m'mafayilo, osati mphekesera, ndipo mayina a odwala anawasiya kumene anayenera kukhala. Mukaona cholakwika, lembani tsiku, nthawi, chimene mwaona ndi maso anu, ndi amene mwamuuza. Musajambule nkhope ya wodwala. Musaponye pa Facebook, ngakhale mtima ukuwawa chotani, chifukwa mukatero mwawapatsa nokha ndodo ija, ndipo mwamulakwiranso wodwala amene mumafuna kumuteteza. Ndipo musayende nokha; uzani bungwe lanu nkhani isanakule.

Kwa inu madokotala, ambiri mwa inu mumagwira ntchito yolemetsa ndi mtima wonse, ndipo ndikudziwa kuti dandaulo limapweteka, makamaka likakhala lopanda maziko. Madandaulo abodza alipo. Koma mankhwala a dandaulo labodza ndi kufufuza, pakuti fayilo imene ingatsutse dokotala wolakwa ndi yomweyo imene imayeretsa wosalakwa. A Arafiles akanangoyankha bungwe lawo, nkhani ikanathera pa tebulo la madokotala anzawo. Chinawalowetsa m'ndende si labala uja, koma kusakasaka amene ananena. Ndipo inu akuluakulu a zipatala, namwino akabwera mu ofesi mwanu ndi nkhope yodandaula, funso lanu loyamba lisakhale lakuti, wauzanso ndani. Funsani kuti, wodwalayo ali bwanji, ali pabedi liti, tiyeni tikamuone.

Ndibwerere ku Texas ndisanatseke. M'chaka chomwe chija cha 2011 nyumba ya malamulo ya kumeneko inakhwimitsa chitetezo cha anamwino: namwino amene wanena zolakwika moona mtima asaimbidwe mlandu, ndipo omubwezera alipitsidwe chindapusa chokulirapo. Nkhani ya ku Kermit ndiyo inakankha lamulo limeneli. Koma chaka chomwecho nyumba yomweyo inakhazikitsanso lamulo lina, lakuti kuyambira pa 1 September 2011 Texas Medical Board isamalandirenso madandaulo opanda dzina. Bungwelo limalonjeza kuti dzina la wodandaula lisungidwa mwachinsinsi. Choncho namwino wa m'katauni ngati Kermit akaona lero zimene anaona amayi awiri aja, kalata yosasaina ija sangailembenso. Ayenera kulemba dzina lake pansi, kuitumiza, kenako m'mawa mwake kuvala yunifolomu n'kukaima pambali pa dokotala yemweyo, kumupatsira zipangizo.